Musanagule Pulawo, Funsani Kuti Idzayambira Pati Kuthyoka

Alimi anzanga, chida cha pamunda chimayesedwa mu Novembala, mvula itagwa, ng'ombe zili m'goli, pamene chitsulo china chathyoka pakati pa munda. Tsiku limenelo mlimi amadziwa ngati anagula mwanzeru.

Ine ndikuti chida chabwino ndi chimene zigawo zake zimamasuka. Pulawo ndi zitsulo zingapo zolumikizidwa: mtanda, zogwirira, gudumu, mpeni wodula nthaka ndi phiko lotembenuza dothi. Zimenezi sizikalamba pamodzi. Mpeni umatha msanga chifukwa umakhulana ndi mchenga tsiku lonse, pamene mtanda ungathe kufikira adzukulu. Wopanga wanzeru amamanga mpeni ndi mabauti, kuti ukatha muchotse wokhawo. Wowotcherera zonse pamodzi wamangirira chitsulo cha zaka zambiri ku chitsulo cha nyengo imodzi.

Chitsanzo tili nacho m'dziko lathu lomwe. Ripa ya Magoye, yomwe inatenga dzina la malo ofufuzira zaulimi a Magoye ku Southern Province, anaipanga kuti ilowe pa mtanda wa pulawo wamba. Mlimi amamasula mpeni ndi phiko, n'kumangapo dzino long'amba mzere. Motero amene akufuna kuyamba ulimi wosatembenuza nthaka yonse sagula chida chathunthu chatsopano. Mtanda, tcheni ndi goli zimakhala zomwezo.

Ena adzati zowotcherera n'zotsika mtengo, ndipo mabauti amakhwepa. Nzoona. Koma bauti yokhwepa imafuna sipanala ndi mphindi zochepa m'mawa musanakoleke ng'ombe. Chowotcherera chikang'aluka chimafuna makina ndi magetsi, kutanthauza ulendo wa ku boma la Lundazi, ndipo chosowa kumeneko muchifune ku Chipata. Masiku amenewo chinyezi chikutha m'munda, ndipo chimanga chobzala mochedwa sichibereka ngati choyambirira.

Palinso nzeru ina imene ambiri timaiphonya. Pa chida chilichonse payenera kukhala chigawo chogonja msanga, ndipo chikhale chotsika mtengo. Dzino likakola chitsa, kuli bwino idukepo bauti kusiyana ndi kupinda mtanda. Choncho musadabwe bauti ikaduka, ndipo musathamangire kuwotcherera pamalopo. Mukatero mphamvu yonse idzapita ku chitsulo chodula ndi ku makosi a ng'ombe zanu.

Tsono pokagula pulawo, ripa kapena ngolo, funsani mafunso atatu. Chidzayambe kutha n'chiti? Kodi ndingachichotse ndi sipanala imene ndili nayo? Nanga china cholowa m'malo mwake chimapezeka kuno kwathu? Wogulitsa akalephera kuyankha, bwezani ndalama m'thumba.

Ndipo inu amene munamaliza kale maphunziro kuno ku Kapichila, mukagulitsa zokolola gulirenitu mpeni wina ndi mabauti angapo, muzisunge m'chitini chopaka mafuta. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bauti ya m'sitolo ya ku Chipata siilima munda wanu.