Kutseka intaneti pa chisankho ndi kubisa umboni

A Mkonzi,

Amene analemba m'nyuzipepala yanu kuti boma lizitseka Facebook ndi WhatsApp nthawi ya chisankho ayiwala msanga za 2019. Zithunzi za mapepala a zotsatira opakidwa Tipp-Ex zinafalikira pa mafoni, anthu n'kudzionera okha, khoti lisanagamule pa 3 February 2020 kuti chisankho cha pulezidenti chibwerezedwe. Funso ndi lakuti kiyi wotsekerayo amasunga ndani. Amasunga ndi boma lomwe likupikisana nawo pa chisankhocho. Ku Uganda anatseka intaneti mu January 2021 chisankho chili mawa lake, ndipo ku Zambia WhatsApp inatsekedwa pa 12 August chaka chomwecho anthu ali pamizere yovotera. M'mayiko onse awiriwa amene analamula anali wofuna kukhalabe pampando.

Wolembayo akuti mabodza a pa WhatsApp amaphetsa anthu. Zoona, mabodzawo alipo, ndipo ena ndi onyansa. Koma mphekesera za anamapopa zinagwedeza chigawo cha kummwera mu 2002, Facebook isanabadwe n'komwe. Zitabweranso ku Mulanje mu 2017, mizu yake inali yomweyo: umphawi, mantha ndi kusakhulupirira akuluakulu. Wofalitsa bodza loyambitsa ziwawa amangidwe yekha ndipo akayankhe kukhoti. Malamulo alipo kale. Kulanga mayi wogulitsa tomato amene amalandira maoda pa WhatsApp chifukwa cha wabodza mmodzi ndi ulesi wa olamulira.

Wowerenga wanu,
Zomba