Mlandu wa "bho" tikuukana

Nkhani ya chilankhulo ikangobuka, kaya pa wailesi kaya pa Facebook, mlandu umagwera ife achinyamata. Akuti tikupha Chichewa. Akuti "bho" n'chiyani, "kuvaya" n'chiyani, mayi ako okubereka ungawatchule bwanji kuti masteni? Akatero amausa moyo n'kuyamba kukumbuka masiku a Tiphunzire Chichewa pa MBC, ngati kuti nthawi imeneyo aliyense ankayankhula ngati buku la Sitandade 8.

Pepani akuluakulu, mlandu umenewu tikuukana.

Tifunsane kaye. Mawu akuti madala anabwera nawo ndani kuno? Nanga mfana? Nanga kutchona? Si ife. Ndi agogo athu omwe ankakwera ndege za Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, mpaka Kamuzu analetsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Pobwerako sanangotenga njinga ndi zibekete ayi, m'kamwa munalinso Chilapalapa. "Aise" amene bambo anga amaitanirana ndi anzawo, mokoma ngati mawu a makolo, ndi "I say" wa azungu atavala chilundu. Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, nsapato, kalata ndi kapitawo tinatola kwa Apwitikizi, ndege ndi galimoto kwa Aswahili. Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972 kuti iziyang'anira chilankhulo, koma sindinamvepo kuti inalamula anthu kuvula nsapato.

Chimene akuluakuluwa akulira si Chichewa. Akulira unyamata wawo. Ndipo apa pokha ndikuwamvetsa, chifukwa ine zaka 30 sindinakwanitse koma ndayamba kale kusowa "nyatwa". Ndani akunenabe kuti nyimbo iyi ndi nyatwa? Ukatero lero ana a Fomu 2 amakuyang'ana ngati watulukira ndi foni ya mabatani. Zimawawa ndithu. Koma mawu a mumsewu ntchito yake ndi yomweyo: amapangidwa kuti wamkulu asamve. Tsiku limene phungu awatchula pamsonkhano, kapena kampani ya foni iwalemba pachikwangwani, basi, afa, ana apeka ena. Ochepa okha ndi amene amapulumuka n'kukhazikika, ngati kutchena, amene lero ngakhale kutchalitchi amanenedwa popanda wotsinya nkhope.

Tsono tamverani bwino mnyamata wa "kuvaya" uja. Amati ndavaya, sindivaya, tikanavaya, tiyeni tivayepo. Mawu ndi obwereka, koma mafupa onse ndi a Chichewa, palibe pamene waphonya. Amadziwa kuti bho mmodzi amatha kukhala moni, yankho, kuvomera, ngakhale kutsanzika, malinga ndi mmene wamukwezera. Munthu wosewera ndi chilankhulo chotere ndi mwini wake.

Mukafuna amene akupha Chichewa musapite kudepoti ya minibasi. Pitani m'nyumba za mipanda ku Area 47 kapena ku Namiwawa, kumene kholo limanena monyadira pamaso pa alendo kuti, "Uyu Chichewa samva." Pitani kusukulu zolipira zija kumene mwana amapatsidwa chibalo chifukwa wayankhula chilankhulo cha amayi ake pabwalo. Kumbukirani kuti mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Kondakitala sanakhale nawo pa zokambirana zimenezo. Anakhalapo ndi anthu a masuti, a msinkhu womwewo umene ukutiloza chala.

Ndiye amalume, inu amene mumakwiya ndikakuyankhani kuti "bho", mdzukulu wanu uja akapita kumudzi pa Khirisimasi amacheza bwanji ndi agogo ake? Chaka chatha womasulira ndinali ine, wa Chichewa choonongeka ndemwe.