Mwana Wathu ndi Mseu wa Tala

Chaka cha 1896, chimene amishoni anayamba ntchito yao pano pa Nkhoma, ndicho chakanso chimene galimoto inapha munthu woyamba woyenda pansi ku Britain. Anali mai Bridget Driscoll, mumzinda wa London, ndipo galimoto imene inaŵagunda inkangothamanga makilomita pafupifupi 6 pa ola, liŵiro limene mnyamata wanyonga amalikwanitsa ndi miyendo yake. Lero bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'lipoti lake la 2023, likuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafera pamseu chaka ndi chaka, ndipo pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 kufikira 29 palibe nthenda imene imapha ambiri kuposa ngozi zapamseu.

Makolo anzanga, nkhaniyi si ya kutali ai. Mseu wa M1 wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza unang'amba pakati pa Nanjiri, Nathenje ndi Kamphata, ndipo wopita ku Mitundu umadutsa pakati pa midzi ndi misika. Sukulu ili tsidya lino, chigayo tsidya ilo, ndipo ana athu amaoloka m'maŵa ndi madzulo. Ena tikuŵatumiza ku Lilongwe kukagula katundu, kumene magalimoto, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza zimalimbirana njira. Kodi tinayamba takhala nao pansi ndi kuŵauza za lamulo la pamseu?

Lamulo lathu la pamseu, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 1997, limapatsa udindo woyendetsa galimoto ndiponso woyenda pansi. Pamalo pamene anajambula mizere yoyera yoolokerapo, dalaivala ayenera kuchepetsa liŵiro kapena kuima kuti munthu amene waloŵa kale pamizerepo aoloke. Galimoto ikaima kudikira munthu, ina yobwera m'mbuyo siloledwa kuipitirira. Koma lamulo lomwelo limaletsa woyenda pansi kulumphira pamizere mwadzidzidzi galimoto itafika kale pafupi, kuoloka asanatsimikize kuti mseu uli bwino, ndiponso kuima n'kumacheza pakati pa mseu. Pamene pali maloboti, tonse timvere maloboti.

Ndiponso pamene palibe kanjira ka oyenda pansi, lamulo likuti tiziyenda m'mphepete ku dzanja lamanja. Chifukwa chake n'chakuti m'Malaŵi muno magalimoto amayenda ku dzanja lamanzere; tsono ife tikakhala kumanja timayang'anizana ndi galimoto imene ikudza, ndipo timatha kuipatukira. Woyenda kumanzere galimoto imamdzera kumsana. Pa chifukwa chomwecho, pooloka tiyamba kuyang'ana kumanja, pakuti galimoto yoyandikana nafe imachokera kumeneko, kenaka kumanzere, n'kubwerezanso kumanja.

Tsopano tiŵerengere pamodzi monga tichitira m'kalasi. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Yothamanga makilomita 100 imayenda mamita 28. Tinene kuti mwana afuna masekondi 6 kuti aoloke mseu. M'kanthaŵi kameneko galimoto yachiŵiriyo yadya kale mamita 168, kutalika koposa bwalo la mpira ndi theka. Choncho galimoto imene mwana akuiona ngati kachidontho cha uko, imamfika iye asanaponde tsidya. Onjezani apa kuti liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umaŵirikiza kanai. Ndipo lole yodzaza fodya kapena chimanga, kapenanso mseu wonyowa ndi mvula, zimatalikitsanso mtundawo. N'chifukwa chake ndikuti ngakhale lamulo likhale kumbali yanu, musaponde pamizere musanaone kuti dalaivala wakuonani ndipo akuimadi. Kuŵina mlandu mwendo utaduka kale sikubweza mwendo.

Mwana wamng'ono sadziŵa kuyeza liŵiro la chinthu chimene chikubwera, ndiponso msinkhu wake umamubisa kuseri kwa minibasi yoima kapena mulu wa kabichi pamsika. Wa Sitandade 1 kapena 2 asaoloke M1 yekha. Pakhale wamkulu womgwira dzanja, osati kumsiyira mkulu wake wa zaka 8. Akatsika minibasi aime kufikira itachoka, kuti aone mbali zonse ziŵiri. Mpira, mbuzi kapena ndalama ikagwera pamseu, asaithamangire. Ndipo ife akulu tikaoloka mothamanga pakati pa magalimoto tili ndi mwana kumsana, tikumphunzitsa ndi miyendo yathu zotsutsana ndi zimene tinamuuza ndi pakamwa. M'mera mpoyamba.

Inu achinyamata, mau anga kwa inu ndi aŵa. Chotsani zomvera nyimbo m'makutu ndi kuika foni m'thumba pamene mukuoloka, chifukwa khutu limachenjeza pamene diso silinaone. Pobwera kokonzekera kwaya dzuŵa litaloŵa, valani choyera kapena nyamulani tochi, ndipo yendani mondondozana, osati mophatikizana anai anai. Inu mumaona nyali za galimoto patali, koma dalaivala sakuonani inu mutavala zakuda kufikira atakufikani. Amene mwa inu mumayendetsa kabaza, kumbukirani kuti mizere yoyera ija imakulamulani inunso, ndipo m'mphepete mwa mseu si njira yanu yozembera mdipiti.

Palinso ntchito ya tonse. Makomiti a sukulu ndi mafumu angathe kupempha akuluakulu a zamiseu kuti ajambulenso mizere imene inafufutika ndi kuika zitunda pafupi ndi sukulu. Angathenso kusankha makolo osinthana pooloketsa ana nthaŵi yoloŵa ndi yoŵeruka. Ogulitsa tomato ndi mbatata abweze mabenchi ao m'mbuyo, kuti oyenda pansi asamakankhidwire pa tala. Pa maliro ndi pa ukwati, pakhale anthu aŵiri ochenjeza magalimoto, wina kutsogolo wina kumbuyo kwa gulu.

Sabata ino, kholo lililonse liyende ndi mwana wake kuchokera pakhomo kufika ku sukulu, limsonyeze malo oolokera pamene mseu ukuoneka bwino mbali zonse, ndipo limlole iye kuti anene yekha nthaŵi yoti aoloke. Mukaona wa mnansi wanu akuseŵera m'mbali mwa tala, musati si wanga, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.