Tikam'dula mu mpingo, akachirira kuti?

Tikamakamba za mankhwala ozunguza bongo, maganizo athu amathamangira kudepoti, kumabala ndi kwa anyamata ochezera pamilatho. Kutchalitchi sitiyang'anako n'komwe. Timangoti yemwe wavala yunifomu ya kwaya, woimba kiyibodi kapena wowerenga mawu Lamulungu ndi wotetezeka. Ine ndikuti tikudzinamiza. Chibaba sichifunsa kuti unabatizidwa liti.

Zimene achinyamata akumwa masiku ano n'zosavuta kubisa. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma mowa waukali womwewo unabwerera m'timabotolo tokwana m'thumba la jekete. Ena akusakaniza mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu zakumwa zoziziritsa kukhosi. Munthu atha kumwa zimenezi pa pulakatisi ya kwaya, wina osamva fungo lililonse. Codeine ndi wa banja limodzi ndi morphine komanso heroin, ndipo akachuluka m'thupi, makamaka pamodzi ndi mowa, amafooketsa kupuma mpaka munthu kufa. Chamba nacho sichikusutidwa kokha, ena akuchidyera m'makeke. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chilolezo basi. Kusuta sikunaloledwe, ndipo chamba chambiri pa ubongo wa mwana wachichepere chimakulitsa chiopsezo chodwala misala.

Nanga mpingo ukazindikira umatani? Kawirikawiri njira zimakhala ziwiri. Yoyamba ndi mwambo: aitanidwa ndi akulu ampingo, aimitsidwa kwaya, mwinanso dzina lake lilengezedwa kuguwa. Yachiwiri ndi yoti ali ndi chiwanda, ndiye apite ku mapemphero a usiku wonse kapena akasale kudya kuphiri. Achinyamata amaona zonsezi n'kuphunzirapo chinthu chimodzi: ukakhala ndi vuto, usayerekeze kuuza aliyense wa kutchalitchi. Mayi amene mwana wake wayamba kugulitsa katundu wa m'nyumba amalowa m'tchalitchi akumwetulira, kuopa kuti amayi anzake aziti walephera kulera.

Pa nkhani ya kuphiriyi pali ngozi yomwe abusa ndi atsogoleri a achinyamata ayenera kuidziwa. Munthu amene wakhala akumwa mowa wambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, thupi limalusa. Pakangotha maola ochepa amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusanza. Ena amakomoka ngati wakhunyu. Pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi atha kusokonezeka mutu, kumaona zinthu zomwe palibe, mtima ukuthamanga. Tangoganizani izi zikuchitika pamwamba pa phiri, anthu akukuwa kuti chiwanda chikutuluka. Amene uja ndi wodwala wofunika dokotala msanga, ndipo akachedwa naye atha kufera pomwepo anzake akuimba.

Sindikunyoza pemphero. Pempherani ndithu, koma mukatero muperekezeni kuchipatala, monga timachitira ndi wodwala malungo kapena shuga. Ku Zomba Mental Hospital amathandiza anthu otere. A St John of God, omwe ndi a mpingo wa Katolika, amathandizanso a vuto la mowa ndi mankhwala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kuchipatala cha boma chapafupi mutha kufunsa anamwino oona za matenda a maganizo. Ngati anthu achipembedzo anatha kumanga zipatala zotere, ife tikuopa chiyani kutumizako ana athu?

Alipo amene anganene kuti tchimo ndi tchimo, mpingo sungalekerere kuledzera. Ndikuwamva. Palibe akunena kuti woledzera apatsidwe maikolofoni atsogolere chipembedzo. Funso langa n'loti, akaimitsidwa pa udindo, ndani akumuyendera Lachitatu? Ndani akudziwa ngati wadya? Munthu tikam'chotsera kwaya, anzake ndi ulemu tsiku limodzi, amene amatsala naye ndi womugulitsa mankhwala uja. Iyeyo sadula munthu, ndipo ngongole amapereka.

Inu anzanga a pafoni, ndinu amene mumayamba kuona zinthu abusa asanadziwe. Mnzanu yemwe sankajomba wayamba kusowa popanda chifukwa. Akubwereka ndalama kwa aliyense, foni akuti inatayika kachiwiri. Maso ofiira, kuwodzera masana, lilime kulemera polankhula, kutafuna chingamu nthawi zonse, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kuwonda. Chizindikiro chimodzi si umboni, poti ena amatero chifukwa cha nkhawa kapena matenda ena. Koma zikachuluka, musam'jambule n'kuponya pa gulupu ya WhatsApp ati pofuna kumupempherera. Imeneyo ndi miseche yovala jekete. Mukhalitseni pansi muli awiri, nthawi yomwe sanamwe, mumuuze kuti, "Aise, ndakuona masiku ano suli bwino, chikuchitika n'chiyani?" Mwina akana, mwina akutukwanani. Dzafunseninso mawa. Akavomera, pezani munthu wamkulu mmodzi wosunga chinsinsi kuti mupite naye kuchipatala. Akayambiranso pakapita miyezi, musataye mtima, chifukwa kuchira ku vutoli kumayenda choncho kwa ambiri.

Kwa abusa, ansembe ndi akulu ampingo, pempho langa ndi laling'ono. M'mipingo yathu muli anamwino ndi madokotala amene amangokhala pabenchi Lamulungu lililonse. Apatseni mphindi 30 pa msonkhano wa achinyamata, kumlaga kapena kumphakati, afotokoze zimenezi. Pa 26 Juni dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, koma musadikire tsikulo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wa m'kwaya uja ndi wathu, ndipo ndi bwino timuperekeze kuchipatala lero kusiyana ndi kudzamuimbira nyimbo kumanda.