Wagunda Mutu? Atuluke M'bwalo

M'masukulu a ku Furancungo ndi ku Tsangano mpira umakoma nthawi ya cilimwe. Koma nthaka imakhala itauma gwa, ndipo mizati ya pagoli ndi mitengo yolimba. Ana awiri akalumphira mpira umodzi, mitu imaombana ndipo wina amagwa. Anzake amamuthira madzi, amamudzutsa ndi kumuuza kuti mwamuna salira. Iye amayambanso kuthamanga. Ine ndikuti cizolowezi cimeneci ndi coipa, ticileke.

Ubongo ndi wofewa ngati phala lozizira. Wa munthu wamkulu umalemera kupitirira kilo imodzi. Umakhala m'cigaza, utazunguliridwa ndi madzi pang'ono. Ikani phwetekere wakupsa m'citini ca madzi, tsekani, gwedezani mwamphamvu. Citini cidzakhala cabwinobwino, koma phwetekere adzaphwanyika. Mutu ukagunda cinthu, ubongo nawonso umagwedezeka ndi kugunda fupa m'kati. Kunja kungakhale kopanda bala, kopanda magazi.

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana akapanda kukomoka ndiye kuti sanavulale. Si zoona. Ambiri mwa ogwedezeka ubongo sakomoka. Amamva mutu kupweteka, cizungulire ndi mseru. Ena amaona zinthu ziwiriziwiri, ena amaiwala kumene akugoletsera. Zizindikiro zina zimabwera mocedwa, ngakhale patapita masiku 3. Mwana wotere akagundanso mutu ubongo usanacire, ngozi imakula kwambiri, ndipo ana amacedwa kucira kuposa akulu.

Wina adzati: "Nanga ngati iye ndiye wogoletsa wathu? Nanga ngati akunena yekha kuti ali bwino?" Mwana amene wagwedezeka ubongo sangadziweruze yekha, cifukwa ciwalo cimene amaganizira ndico cavulala. M'caka ca 2014, pa masewera otsiriza a cikho ca dziko lonse ku Brazil, Christoph Kramer wa ku Germany anagundidwa kumutu. Anapitiriza kusewera, mpaka anafunsa woimbira mpira ngati amenewo analidi masewera otsiriza. Ngati munthu wamkulu, wokhala ndi madokotala pafupi, anasokonezeka cotero, nanga mwana wa kalasi yacinayi? Kuyambira m'caka ca 2024, malamulo a mpira amalola okonza mipikisano kupatsa timu mwayi wina wolowetsa wosewera m'malo mwa amene wagunda mutu. Cikho ca sukulu sicingapose ca dziko lonse.

Palinso ngozi ina yobisika. Nthawi zina mtsempha umaduka m'kati mwa cigaza. Mwana amadzuka, amalankhula, amayenda yekha kupita kunyumba. Magazi amaunjikana pang'onopang'ono ndi kupanikiza ubongo. Akayamba kusanza kawirikawiri, kugona kosadzutsika, kugwa ngati wakhunyu, kapena mutu ukamapwetekerabe, musadikire kuti kuce. Pitani naye kucipatala ca pafupi nthawi yomweyo. Kumbukirani kuti cipatala cacikulu ca cigawo cathu cili mumzinda wa Tete, ndipo ulendo wake ndi wautali. Ndi cifukwa cake mphunzitsi ayenera kuuza makolo tsiku lomwelo kuti mwana wagunda mutu, kuti amuyang'anire usiku.

Za khosi nazo n'zofunika. Msana uli ndi timafupa 33, ndipo 7 mwa ito tili m'khosi. M'kati mwake mumadutsa cingwe ca mitsempha cimene cimatenga mauthenga kucoka ku ubongo kupita ku manja ndi miyendo. Mwana akagwa n'kumadandaula khosi, kapena akati manja acita dzanzi, musamukoke miyendo, musamuongole khosi, musamukweze pa njinga. Kafupa kothyoka kakasuntha kangadule cingweco, ndipo mwana angafe ziwalo moyo wake wonse. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, wina athamangire thandizo. Ngati palibe njira ina koma kumunyamula, mugonekeni pa citseko, mutu ndi thupi zili pamzere umodzi.

Sindikunena kuti ana aleke mpira, iyayi. Asewere, mwina mawa ena adzavala malaya a Mambas. Koma masewera asanayambe, aphunzitsi a mbali zonse ziwiri agwirizane kuti wogunda mutu atuluka ndipo salowanso tsiku limenelo. Adzabwerera m'bwalo zizindikiro zonse zitatha, wacipatala atamuona.