Kubetcha pomwepo kapena kutchera check-raise?

Mu poker ya limit hold'em munthu sasankha kukula kwa beti. Pa tebulo la $10/$20, beti iliyonse flop (makhadi atatu oyamba a patebulo) isanatsegulidwe komanso itangotsegulidwa ndi $10, ndipo pa turn ndi pa river (khadi lachinayi ndi lachisanu) ndi $20, basi. Palibe zokankha mulu wonse wa machipi kuti anzanu achite nthumanzi monga amachitira a no-limit. Choncho mukakhala ndi makhadi abwino, koma oti angathe kupitiriridwa, ndipo muli m'gulu la oyamba kusewera, njira zimakhala ziwiri. Mutha kubetcha pomwepo. Muthanso kugogoda patebulo ndi zala ngati mulibe kanthu, wina akabetcha inu n'kukweza. Yachiwiriyi ndiyo check-raise, imene kale m'masewero ambiri a panyumba ku America inkaonedwa ngati ukathyali, koma David Sklansky adaipatsa mutu wakewake m'buku lake la The Theory of Poker.

Tiyeni tikhale patebulo. Muli pa big blind, m'gulu la oyamba kusewera, ndi K ndi Q. Wa pa button, amene amasewera pomaliza flop ikatsegulidwa, wakweza, anthu 6 alowa, pakati pali $120. Wogawa makhadi akutsegula Q, 9, 4, zamitundu yosiyana. Mwina ndinu amene muli patsogolo, koma kumanzere kwanu kuli mnyamata wagwira J ndi 8, akufuna 10 kuti akwanitse straight (makhadi asanu otsatana). Mwa makhadi 47 amene iye sakuwaona, omuthandiza ndi 4 okha, kutanthauza kuti amalephera pafupifupi ka 11 pa kamodzi kalikonse kamene waphula. Mukabetcha $10, pakati pakhala $130, ndipo iye alipira $10 kuti alimbirane $130. Masamu akumulola, sakulakwitsa chilichonse. Beti yanu yangomukometsera mtengo.

Tsopano gogodani. Onse agogoda mpaka wa pa button, iye wabetcha $10, wa small blind, wa kumanja kwanu, wataya makhadi, inu mwakweza kufika $20. Pakati pali $150, koma mnyamata uja akuyenera kutulutsa $20 nthawi imodzi. Pa dola iliyonse akulimbirana madola 7 ndi theka, pamene amafunika pafupifupi 11. Akataya, mwachotsa munthu amene akanakulandani ndalama zonse tsiku lina. Akalipira, walipira mopitirira mtengo wa makhadi ake. Konse kuwiri mwapindula. Apa m'pamene pagona mphamvu ya check-raise m'masewero amene beti ili ndi malire: ndi njira yosandutsira beti imodzi kukhala ziwiri pamaso pa anthu amene beti imodzi siingawagwedeze.

Pali phindu lina losaonekera msanga. Munthu amene amabetcha nthawi zonse akakhala ndi kanthu, n'kumagogoda pokhapokha alibe, waulula yekha chinsinsi chake. Anzake akangoona zala zagunda tebulo amabetcha mosaopa. Pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Cepheus, imene gulu la Michael Bowling la ku University of Alberta lidalengeza mu 2015 kuti yafika poti siingagonjetseke mu limit hold'em ya anthu awiri, sisewera makhadi amodzimodzi mwanjira imodzi nthawi zonse. Imasinthasintha, ndipo mdani sangadziwe tanthauzo la kugogoda kwake.

Komabe zonsezi zatsamira pa chinthu chimodzi chimene sichili m'manja mwanu: kuti wina abetchedi. Wa pa button uja mwina wagwira A ndi J, flop yamuphonya, ndipo poona anthu asanu akumuyang'ana wangogogoda naye. Pamenepo mwapereka khadi laulere kwa tebulo lonse. Mnyamata wa J ndi 8, amene mumafuna alipire $20, sanalipire ngakhale senti. Pa turn pakagwa 10 kapena A, mwataya $120 komanso mabeti amene mukanatolera kwa anthu anayi kapena asanu. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Beti yapomwepo ndi yaing'ono, koma ndi yotsimikizika.

Ndiponso check-raise sithamangitsa aliyense. Wogwira J ndi 10 pa flop yomweyo akuwerengera makhadi 8, K kapena 8, ndipo $20 siimubweza. Nanga wa pa button akakhala ndi A ndi Q, kapena ma K awiri? Akwezanso kachitatu, ndipo inu mwadziwotchera ndalama pa makhadi otsalira.

Chimene ambiri amaiwala, chimenenso ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ndi mpando wa munthu amene mukuyembekezera kuti abetche. Tiyerekeze kuti wokweza uja sali pa button koma wakhala moyandikana nanu kumanzere. Mukagogoda iye n'kubetcha, ena onse alowa ndi $10 nthawi yanu isanakwane. Mukakweza tsopano, aliyense angowonjezera $10 ina, ndipo palibe amene achoke chifukwa ndalama zapakati zakula. Pofuna kuwachotsa, betchani inuyo, iye akweze, enawo akumane ndi $20. Koma mukanakhala ndi ma 4 awiri m'manja, pa flop ya Q, 9, 4, simukanafuna kuti aliyense achoke, ndipo check-raise yomweyo ikanakhala yabwino zedi. Ndi K ndi Q zomwezo, flop yomweyo, mpando wokha ukasintha yankho nalo lasintha.

Pa river nkhani imafupika, chifukwa kulibenso khadi lina loopa. Chatsala ndi kuwerengera. Tiyerekeze kuti mukabetcha maulendo 100, mdani alipira maulendo 80: mwatolera mabeti 80. Kuti check-raise ifanane ndi zimenezo, ayenera kubetcha kenako n'kulipiranso kukweza kwanu pafupifupi maulendo 40. Kwa munthu waukali, wokonda kuopseza akaona kugogoda, zimenezi zimatheka. Kwa munthu wofatsa, amene amalipira chilichonse koma sabetcha yekha, msampha wanu ugona osagwira kanthu, ndipo iye atembenuza makhadi ake kwaulere. Pamatebulo a ndalama zochepa anthu ofatsawa ndiwo amachuluka.

N'chifukwa chake ine ndimapendekera ku kubetcha, ngakhale ndikuvomereza kuti wosadziwa check-raise sangateteze makhadi ake ndalama zapakati zikakula. Check-raise imakoma mumtima, imachititsa munthu kudzimva wochenjera, ndipo kukoma kumeneko kumapusitsa ambiri kuti aziichita pamene sipoyenera. Musanagogode patebulo muli ndi makhadi abwino, lozani mumtima munthu amene abetche, onani ngati ali kumanja kapena kumanzere kwanu, ndipo dzifunseni ngati mukufuna kuti enawo achoke kapena akhale. Ngati simungathe kumuloza munthuyo, ponyani $10 yanu.