Mapesi a m'munda ndi a yani?

Mu Julayi chaka chatha tinakachezera mmodzi wa ophunzira athu akale kumudzi kwawo m'boma la Nyimba. Mnyamatayu anachita zonse monga tinam'phunzitsira. Atakolola chimanga sanatenthe mapesi, koma anawagoneka pakati pa mizere kuti aphimbe nthaka, ndipo anali atayamba kale kukumba maenje a gamphani pa lima imodzi nthaka isanaume gwa. Tinabwerako mitima ili m'malo. Titapitanso mu Sepitembala tinapeza munda uli bii ndi phulusa. Ng'ombe za m'mudzi zinadya mapesi, ndipo otsalawo anapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Iye anakadandaula kwa amfumu a mudzi, amfumuwo namufunsa kuti: "Kodi ng'ombe zalakwanji, mwana wanga? Suja chiyambire makolo, munda ukakololedwa ziweto zimamasulidwa?"

Amfumu sanalakwe. Amene tinaperewera ndife aphunzitsi. Kusukulu ya zamalimidwe tinaphunzira kuya kwa dzenje, kutalikirana kwa mizere ndi muyeso wa feteleza, koma palibe anatiuza kuti kwathu kuno chimanga ndi cha mwini munda pamene mapesi ndi a mudzi wonse. Tinam'patsa mnyamata khasu la chaka ndi chingwe choyezera, n'kumutumiza yekha kukalimbana ndi lamulo limene silinalembedwe paliponse koma aliyense amalidziwa.

Vuto lomweli lili m'mapepala a akuluakulu a dziko lapansi. Mu Sepitembala 2015 mayiko 193 a m'bungwe la United Nations anagwirizana ku New York pa zolinga 17 za chitukuko chokhalitsa, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030. Muli cholinga chothetsa njala, cha madzi, cha maphunziro, cha nyengo. Cha chikhalidwe mulibe. Chikhalidwe chimangotchulidwa apo ndi apo pakati pa mfundo zing'onozing'ono 169, makamaka ponena za kusunga malo ndi zinthu zakale. Mu 2022 nthumwi za mayiko 150 zinakumana ku Mexico City pa msonkhano wa UNESCO wotchedwa MONDIACULT, ndipo zinapempha kuti zolinga zikadzalembedwanso chikhalidwe chidzakhale ndi cholinga chakechake.

Ife tikuvomereza pempho limeneli, koma ndi mantha pang'ono. Tapitapo ku miyambo yambiri yotsegulira mapulojekiti kuno ku Petauke. Pa pulogalamu pamalembedwa kuti "chikhalidwe", ndipo nthawi yake ikakwana amayi amavina nsongwe kwa mphindi khumi, alendo n'kujambula, ng'oma n'kuchotsedwa kuti zolankhula ziyambe. Ngati cholinga chatsopanocho chidzatanthauza zimenezi basi, mlimi sadzapindulapo kanthu. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo mwambo wa Tuwimba umasonkhanitsa Ansenga kwa a Kalindawalo chaka ndi chaka. Izi zili ndi malo ake. Koma chikhalidwe chimene chimadzutsa kapena kupha munda sichivala nthenga. Chili m'mafunso akuti ziweto zimamasulidwa mwezi uti, munda umalowedwa ndi yani mwini wake akamwalira, ndipo chakudya chenicheni n'chiti.

Tatengani mtengo wa msangu. Sitisowa kukukumbutsani ubwino wake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba mbewu, ndipo chimanga cha pansi pake chimaoneka chokha kuti chadya. Timakuuzani kuti mubzale mitengo 100 pa hekitala. Koma msangu umatenga zaka zambiri usanayambe kubweza thukuta la woubzala. Tsono taganizani za mwamuna amene ali pa chikamwini, akulima munda wa kuchikazi. Mumtima mwake akudziwa zimene akuluakulu ananena, kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Banja likatha, kapena mkazi akatsogola, iye adzanyamula nkhwangwa yake n'kubwerera kwawo, mitengo n'kutsala. Mbande tikam'patsa amalandira mwaulemu, ndipo zimaumira kuseri kwa nkhokwe. Olemba malipoti amati alimi ndi ouma mitu. Ayi ndithu, munthuyo wawerengera bwino. Tikadayamba kukambirana ndi mkazi wake ndi malume a mkaziyo, amene ali ndi mawu pa nthaka imeneyo, mbande zija bwenzi zili mitengo. Masiku ano mabanja ambiri amatengana chitengwa, ena agula malo awoawo, choncho palibe yankho limodzi ngakhale m'mudzi umodzi. M'pofunika kufunsa khomo ndi khomo.

Nkhani ya chimanga cha olenji ndi yofanana. Pamene mbewu zake zinatulutsidwa muno m'Zambia mu 2012, akatswiri ankanena za vitamini A, koma okalamba ankakumbukira chimanga chachikasu cha chithandizo cha pa chilala cha 1992. Kwa iwo nsima yosayera inali chizindikiro cha njala. Zinafunika kuphika, kulawa ndi kukambirana pabwalo kuti mitima itsike.

Wina asatimve ngati tikuti chilichonse chakale n'chabwino. Moto wa mu Okutobala umapha nthaka, ndipo sitidzaleka kunena zimenezi chifukwa choti mbewa n'zokoma kwa ozidya. Ifenso a mpingo uno tili ndi miyambo imene sitilowa nawo, ndipo anansi athu amadziwa. Komabe onani mmene tinachitira ndi dima. Sitinataye mwambo wothandizana kulima chifukwa choti unkayendera mowa; tinaika thobwa m'malo mwake, ntchito n'kumapitirira. Mwambo umasintha, koma amausintha ndi eni ake, atakhala pansi.

Umboni wake uli pafupi. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza a bungwe la ICRAF ku Msekera, kufupi ndi Chipata, ankalimbikitsa alimi kugoneka minda pobzalamo jerejere ndi mitengo ina yobwezera chonde. Mitengoyo inkadyedwa ndi ziweto m'chilimwe, ina n'kupsa, monga zinachitikira mnyamata wathu uja. Mankhwala ake sanapezeke m'labotale. Nkhani inapita kwa mafumu, ndipo a Gawa Undi ndi a Mpezeni anaika malamulo oti ziweto ziziwetedwa ngakhale m'chilimwe ndiponso oletsa kutentha tchire mwachisawawa. Malamulo otere ali ndi mtengo wake, tisabise. Ng'ombe ili ndi mwini, koma moto ulibe, choncho wotentha sagwidwa kawirikawiri. Ndipo ng'ombe zikamawetedwa chaka chonse, kawirikawiri woweta amakhala mwana amene anayenera kukhala m'kalasi. Izi sangaziweruze munthu wokhala ku New York. Angaziweruze ndi anthu a m'mudzi momwemo, amene akudziwa kuti khola lakuti lili ndi ng'ombe zingati ndi ana angati.

Chilala cha 2024 chinatikumbutsa kuti nkhaniyi si yocheza. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitauma. Ndalama za kusintha kwa nyengo zikubwera m'chigawo chino, ndipo zibwera ndi mafomu ake. Tikupempha amene amalemba mafomuwo kuti pambali pa mzere wofunsa mahekitala ndi matumba aikeponso mzere wofunsa ngati mudzi unakambirana.

Ifenso tayamba kukonza kwathu. Kuyambira chigawo chino cha maphunziro, wophunzira aliyense akapita ku tchuthi azibwerako ndi mayankho olembedwa: munda umene adzalime ndi wa yani, adzaulowa ndani, ziweto zimamasulidwa liti, ndipo mlandu wa moto umaweruzidwa bwanji kwawoko. Inu amene munamaliza kale, tilembereni zimene mwakumana nazo. Mnyamata wa ku Nyimba uja wapeza alimi anzake asanu ndi mmodzi amene minda yawo ili moyandikana ndi wake, ndipo amfumu avomera kuitanitsa bwalo pamodzi ndi eni ng'ombe chimanga chisanaume. Tapemphedwa kukakhalapo, ndipo tauzidwiratu kuti tikalankhula pomalizira.